Dzina la sitepe lisachedwetse phazi la wovina

Ku New England, kumpoto chakum'mawa kwa America, kuli gule wotchedwa contra. Ovina amaima awiriawiri pamizere italiitali, violin ndi piyano zikulira, munthu mmodzi, woitana, ali pa maikolofoni kuwauza chochita: gwiranani manja, zungulirani kumanzere, sinthanani malo. Nyimbo yake imatenga masitepe 64, ogawidwa panayi. Pakangotha theka la mphindi, aliyense amapezeka wayang'anana ndi anthu ena n'kuyambiranso.

Magule atsopano amapekedwa chaka ndi chaka, ndipo wopeka ali ndi ufulu wotcha gule wake dzina lomwe wafuna. Hull's Victory, mmodzi mwa magule akalekale, amakumbutsa Isaac Hull, kapitawo wa sitima yankhondo ya Constitution yomwe idagonjetsa sitima ya Angerezi mu 1812. Dzina lotero silipunthwitsa munthu, chifukwa limatchulidwa kamodzi ng'oma isanalire.

Dzina la sitepe ndiye nkhani ina. Woitana amalitchula gule ali mkati, anthu ali wefuwefu, pomwe kwangotsala masekondi awiri kuti phazi lisunthe. Apa mpomwe opeka ena amalakwitsa: amakhotetsa pang'ono sitepe yodziwika kale, n'kuipatsa dzina lawolawo lokometsera, kenako woitana n'kumatha nthawi yaitali akufotokozera anthu omwe abwera kudzavina, osati kudzaphunzira.

Zoona, mayina ena osafotokoza kanthu adakhazikika. Petronella, komwe anthu anayi amatembenuka aliyense n'kusunthira malo amodzi kumanja, adatenga dzina la gule wakale yemwe sitepeyo idachokerako. Kaimidwe ka Becket, komwe munthu amayamba ali pambali pa mnzake m'malo moyang'anana naye, kadachokera ku Becket Reel wa Herbie Gaudreau. Koma mayinawa sadachite kulengezedwa ndi munthu mmodzi. Adalowa m'makutu mwa anthu pang'onopang'ono, magule ambiri atabwereka masitepewo.

Chitsanzo chabwino cha ubwino wa dzina lofotokoza chochita ndi sitepe yomwe kwa zaka zambiri inkatchedwa gypsy, pomwe awiri amazungulirana akuyang'anana m'maso osagwirana. Anthu atadandaula kuti mawuwo amanyoza anthu a mtundu wa Romani, oitana ambiri adayamba kunena kuti right shoulder round. Alipo akalekale omwe adang'ung'udza kuti dzina latsopanoli n'lozizira. Kaya n'lozizira, mlendo yemwe wabwera koyamba amangomva kamodzi n'kudziwa phewa loti atsogoze. Ndi mmenenso zilili ndi larks ndi robins, mayina a mbalame omwe m'maholo ambiri alowa m'malo mwa "abambo" ndi "amayi": chilembo choyamba chimakumbutsa wovina woima kumanzere ndi woima kumanja m'Chingerezi.

Wopeka yemwe wapezadi sitepe yachilendo ayambe waifotokoza ndi mawu omwe ovina akuwadziwa kale. Oitana a m'maholo ena akaibwereka, iwowo ndi ovina awo adzaona ngati ikufunika dzina lakelake.