Peugeot ya Agogo Si Ya Pa Sikelo

Anzathu, tatani kodi? Kuno ku Tamanda, Peugeot 404 imene inkanyamula fodya ndi nshawa kupita ku Chipata yangogona pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Akabwera ogula zitsulo, timaipereka pa sikelo ngati khasu lakutha, ndalama yake n'kuthera pa talk time.

Motoka imeneyi anayamba kuipanga mu 1960. Okonza motoka zakale amasakasaka kabureta, malaiti, ngakhale kachizindikiro ka mkango kaja, poti sizipezeka wamba. Tisanaiphwanye, tiwerenge nambala ya chasisi, tiijambule, tifunse amakaniko achikulire a ku Kapata. Njala ikatipana, tigulitse ndithu, koma kwa woidzutsa, osati woisungunula.