Kwa Madamu amene anatiphunzitsa Chingerezi cha m'misonkhano

Madamu,

Kalatayi ndailemba poyera chifukwa ndimakudziwani. Ndikanabwera kwanu nditanyamula nkhuku, mukanaibweza, n'kundifunsanso ngati ndinamaliza kuwerenga mapepala amene munatipatsa. Tsono popeza mwati chaka chino n'chomaliza ndipo mukupita kumudzi kukapuma, landirani mawu okhawa pamaso pa anthu. Ndikuyankhula m'malo mwa akapitawo, makalaliki ndi oyang'anira m'fakitale amene tinkapanikizana pa mabenchi a ana a pulayimale madzulo tikaweruka.

Ambiri a ife Chingerezi tinali nacho kale, cha kusukulu. Satifiketi ya MSCE munthu sapatsidwa asanakhoze Chingerezi, choncho galamala tinalimbana nayo mokwanira. Koma chimene chinatipeza m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo ndi Mulanje chinali Chingerezi china. Mu 2015 eni maesiteti, ogula tiyi akunja ndi mabungwe anagwirizana pa ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipiro ndi moyo wa antchito. Chaka chotsatira bungwe la Tea Association of Malawi linasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la antchito la PAWU. Kunabwera ufa wothira michere wophikira nsima ya masana, malamulo oteteza amayi ku nkhanza pantchito, ndiponso alendo oyendera a Rainforest Alliance ndi Fairtrade atanyamula mafayilo. Chilichonse chinkafika ndi mawu ake: stakeholder, buy-in, roll-out, accountability, grievance. Mu holo tinkangogwedeza mitu, potuluka n'kumafunsana chapansipansi kuti kodi bwana amati chiyani. Komatu kukacha ndife tinkaima pamaso pa othyola tiyi kuti tiwafotokozere.

Inu simunatipatse ndandanda ya mawu oti tiloweze. Liwu lililonse mukalilemba pabolodi, pansi pake munkalemba mafunso omwe aja: akuchita ndani, akuchitira yani, nanga ataye kanthu ndani? Munthu akangowerenga tanthauzo la m'dikishonale munkamuuza kuti akhale pansi, abwere ndi chiganizo cha kuntchito kwake, chokhala ndi anthu enieni. Ndi mmene tinadziwira kuti delegate si kukankhira mnzako ntchito imene yakutopetsa. Umamupatsa ntchitoyo pamodzi ndi mphamvu zoigwirira, koma zikalakwika woyankha ndiwe. Ndi mmene tinasiyanitsira consult ndi inform: kwina anthu afunsidwa nkhani isanagamulidwe, kwina angouzidwa zitatha kale. Mabwana ena amasakaniza awiriwa mwadala, ena mosadziwa, ndipo kapitawo amene sawasiyanitsa amapita kumunda kukalonjeza anthu kuti maganizo awo amveka pamene chikalata chinasainidwa kale.

Phunziro limene sindidzaliiwala ndi la ziganizo zobisa mwini wake. Munatisonyeza kuti kalata yakuofesi ikayamba ndi it has been decided, wogamulayo wadzibisa, ndipo munthu ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti wagamula ndani. Galamala imeneyi tinaiphunzira tili ku sekondale n'kuilemba pamayeso, koma palibe anatiuzapo kuti imagwira ntchito yanji m'manja mwa wolemba makalata a kampani.

Tsiku lina mnzathu wina anadandaula kuti anthu ake ndi okanika, safuna kusintha, ndipo anatchula monyadira mawu amene anali atangowaphunzira, resistance to change. Simunamudzudzule. Munatisimbira za fakitale yosoka zovala zogonera ya Harwood, m'tauni ya Marion ku Virginia, kumene antchito ambiri anali amayi olipidwa molingana ndi kuchuluka kwa zimene asoka, monga mmene othyola athu amalipidwira pa kilo. Kumeneko Lester Coch ndi John French, potsata maganizo a Kurt Lewin, anayesa njira zosiyana zosinthira kagwiridwe ka ntchito, ndipo zotsatira zake anazisindikiza mu 1948. Gulu lina linangoitanidwa n'kuuzidwa za kasokedwe katsopano ndi malipiro ake. Ntchito yawo inatsika osakweranso, madandaulo anachuluka, ndipo m'masiku 40 oyamba anthu 17 pa 100 alionse anasiya ntchito. Magulu amene anakhala pansi ndi mabwana n'kukonza nawo kasinthidweko anabwerera msanga pa mlingo wakale, kenako anaupitirira, ndipo m'masiku amenewo palibe anachoka. Mutamaliza munangomufunsa mnzathuyo kuti anthu akewo anawafunsa liti. M'kalasi munangoti zii.

Za John Kotter wa ku Harvard munatiphunzitsanso, ndi masitepe ake asanu ndi atatu a m'buku la Leading Change la mu 1996. Apa ndinene chilungamo, Madamu: si zonse zimene zinandigwira mtima. Sitepe yoyamba, yoti mtsogoleri achititse anthu kuona kuti zinthu n'zachangu, mwina imathandiza m'maofesi a ku America. Kuno nyengo ya mvula masamba akaphuka, ndipo othyoledwa m'mawa akuyenera kufika kufakitale asanapse m'matumba, changu sachita kuphunzitsa munthu. Vuto lathu n'lakuti chilichonse chimabwera chili chachangu kale, mpaka kusowa mpata wofunsa. Koma mfundo yake yoti anthu aone phindu laling'ono msanga, asanatope ndi malonjezo, imeneyo ndaigwiritsa ntchito ndipo imathandiza.

Ndinaiona pamene kwathu kunabwera masikelo amagetsi m'malo mwa akale aja opachika pamtengo. Mphekesera inafika kumunda masikelowo asanatsike m'galimoto, yoti akudzadya makilo a anthu. Pamsonkhano wa akapitawo bwana atamaliza kufotokoza za roll-out, ndinaimika dzanja n'kufunsa m'Chingerezi chanu chija ngati akutifunsa maganizo kapena akungotidziwitsa. Anaseka, koma anayankha moona kuti masikelo agulidwa kale, chotsala n'kayambidwe kake. Pamenepo ndinapempha kuti tiyambe ndi gulu limodzi, masikelo onse awiri apachikidwe pamodzi, ndipo othyola asankhe okha anthu oti aziyang'anira. Mayi wina anabwera ndi paketi ya shuga ya kilo imodzi yosatsegula, n'kuiika pa sikelo yatsopano anthu onse akuona. Nambala itaoneka, mkangano unachepa kuposa mmene ukanachepera ndi mawu anga alionse. Madandaulo sanathe onse ayi. Nkhani yochotsera makilo masamba akanyowa ndi mvula idakalipo mpaka lero. Koma tsopano imakambidwa pamsonkhano, ndipo ndimadziwa kuilemba mu lipoti mosaipeputsa.

Panali chinthu china chimene munkadana nacho, ndipo tinkachiopa. Ena a ife titangodziwa mawu atsopano tinayamba kuwamwaza paliponse, kumunda, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, kuti anthu adziwe kuti tikuphunzira. Inu munaika lamulo: liwu lililonse limene munthu walitchula m'Chingerezi, aimirire alifotokoze ngati akuuza agogo othyola tiyi amene sanapite kusukulu, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, osabwerekako liwu lina lachingerezi. Wolephera ankabwereza sabata yotsatira. Ambiri tinagwa pa empowerment, liwu limene tinkalimva tsiku ndi tsiku. Pamene boma linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063 mu Januwale 2021, wailesi n'kudzaza ndi mindset change, ife tinali titazolowera kale kufunsa kuti asinthe kaganizidwe ndani, pa chinthu chiti, nanga wonenayo asintha chiyani.

Sindikufuna kukunamizani kuti Chingerezi chatisandutsa olemera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro amene anthu anakambirana movutikira anasungunuka m'manja, ndipo palibe liwu la m'kope langa limene likanaletsa zimenezo. Inunso simunatilonjezepo zotere. Chimene munatipatsa n'chakuti tikakhala patebulo limodzi ndi mabwana, a bungwe la antchito ndi alendo oyendera, timamva zimene zikunenedwa ndi zimene zikuzembedwa, ndipo timatha kufunsa popanda kunjenjemera. Mayi mmodzi wa m'kalasi mwathu, amene poyamba ankakhala kumbuyo osatsegula pakamwa, lero ndi amene amalandira madandaulo a amayi pa esiteti yawo ndi kuwalemba yekha, osadalira womasulira amene angachotseko zina.

Tili ndi pempho limodzi musananyamuke. Akapitawo atsopano alipo ambiri, ena ndi ana oti tinawaona akubadwa, ndipo akufunsa ngati kalasi ipitirira. Tagwirizana kuti awiri mwa ife aziitsogolera Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo ahedi avomera kuti chipinda chija tizichigwiritsabe ntchito. Chikutisowa ndi makope anu aja a zikuto zakuda, mmene munkalemba ziganizo zathu zolakwika ndi zokonza zake. Mukatibwereka tidzawajambulitsa ku Limbe n'kukubwezerani onse musanapakire katundu. Nkhani ya Harwood ija tikufunanso mutilembere mwachidule m'Chichewa, chifukwa aliyense wa ife amaisimba mosiyana ndipo manambala ayamba kusokonekera.

Mupereke moni kwa bambo ndi ana onse.

Ine wophunzira wanu,
Kapitawo wa ku Thyolo