Mfuti imateteza ngongole ya boma, koma wobweza ndi msonkho

Wageni aliyense amene anakongozapo katundu amadziwa funso limene limamusowetsa tulo: kodi munthu uja mwezi wamawa adzapezeka pa benchi yake? Ogula mabondi a boma nawonso amafunsa zomwezo. Bondi ndi chikalata chimene boma limapereka likakongola ndalama, kulonjeza kuti lidzabweza ndi chiwongoladzanja pakatha nthawi yakutiyakuti. Bomalo likagwetsedwa, chikalatacho chimatsala chokulungira mandasi.

Zinachitikapo ku America. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, zigawo zakummwera zimene zinagalukira boma zinagulitsa mabondi awo, ena mpaka ku London. Zitagonja, opambana anaika m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1868 kuti ngongole ya ogalukirawo isadzabwezedwe. Amene anagula anangogwira njakata. Ku Russia nako, a Bolshevik atalanda boma anakana mu 1918 ngongole zonse za mfumu imene inachotsedwa, ndipo mabanja ambiri a ku France anataya ndalama zimene anasunga.

N'chifukwa chake ngongole ya boma ndi asilikali zakhala zikuyendera limodzi. Ngakhale Bank of England inakhazikitsidwa mu 1694 kuti ikongoze boma la Mfumu William III ndalama zokwana £1.2 miliyoni pa nthawi ya nkhondo ndi France.

Lero dziko la America limawononga ndalama zoposa $800 biliyoni pachaka pa zachitetezo, kuposa dziko lina lililonse. Palibe amene amaganiza kuti mdani angalowe mu Washington n'kutseka ofesi yotolera misonkho. Ndiye kukabuka chipwirikiti kwina, eni chuma ndi mabanki aakulu a mayiko amathamangira mabondi a ku America, ndipo kuti awagule amafuna madola. Ndi dola lomwelo limene wooda katundu ku Dar es Salaam kapena ku China amalisaka movutikira.

Komabe amene amati mfuti ndiyo zonse akuwonjeza. Mu Ogasiti 1998, Russia, ili ndi zida zanyukiliya zosaneneka, inalephera kubweza ngongole yake ya m'dziko momwemo. Mizinga inalipo, koma mafuta anali atatsika mtengo ndipo misonkho sinkatoleredwa mokwanira. Switzerland ili ndi gulu lankhondo laling'ono poyerekeza ndi mayikowa, koma mabondi ake anthu amawakhulupirira kwambiri. Ntchito ya msilikali ndi kuonetsetsa kuti wotolera msonkho afike kuntchito mawa. Ndalama zobwezera zimachokera m'thumba la wokhoma msonkho, kuphatikizapo wogulitsa tomato.

Ku Malawi kuno boma limakongolanso kudzera mu ma Treasury bill a masiku 91, 182 ndi 364, amene amagulitsidwa ndi Reserve Bank, ndipo magulu ena a amalonda amakopeka ndi chiwongoladzanja chake. Chowopsa pa zikalatazi si kulandidwa kwa dziko. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anakongoza boma analandira ndalama zawo zonse ndi phindu lomwe, koma atapita kokaoda anapeza kuti mabelo a kaunjika akwera. Wageni amene akufuna kuikako mpamba ayambe walemba mtengo wa belo lero, aganizire pamene udzafike patsiku lolandira, kenako ayerekeze ndi chiwongoladzanja chimene banki yamuuza.