Fumbi m'kati mwa kompyuta

M'nyengo ya fumbi, mpaka mvula yoyamba igwe, makompyuta athu amakhala pamavuto. Fani yoziziritsa purosesa imakoka mpweya wakunja, fumbi n'kulowera limodzi, kukamatirira pa tizitsulo totulutsa kutentha. Mpweya ukasowa podutsa, makina amatentha, amayamba kuchedwa, fani imalira kosalekeza, kenako kompyuta imazima yokha kuti isapse. Chimandiwawa n'chakuti ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi, n'kutaya ndalama pachabe. Kuti mupewe zimenezi, ichotseni pansi kompyutayo, ikhale patebulo. Laputopu musamaiike pabedi, bulangete limatseka timabowo topumira. Poyeretsa, zimitsani kaye, zulani chingwe kumagetsi, gwirani fani ndi chala isazungulire, ndiye muuzire fumbilo ndi bulowa. Nsalu yonyowa isayandikire m'katimo.