Maso ali kumwamba, mapazi ali m'nkhalango

Mu June 2017, boma ndi UNICEF adatsegula pabwalo la ndege la Kasungu malo oyesererapo madironi, tindege topanda munthu m'kati. Cholinga chinali kuona ngati tingathe kunyamula mankhwala komanso kujambula madera osefukira madzi. Alimi a fodya ankangokweza maso, n'kubwerera m'zigafa mwawo.

Pomwe Kasungu amayamba kuyesa, luso lotereli linali litafika kale kunkhondo. Mu December 2013, gulu la United Nations losungitsa bata ku Congo, MONUSCO, lidayamba kuulutsa madironi ku Goma, oyendetsa ake ali anthu wamba a kampani ya ku Italy ya Selex ES. Chaka chomwecho asilikali a Malawi adalowa mu gulu lomenya nkhondo la MONUSCO lotchedwa Force Intervention Brigade pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa.

Ubwino wa madironi ndi akatswiri wamba kunkhondo ngosachita kufunsa. Mu November 2018 tidataya asilikali asanu ndi mmodzi pafupi ndi Beni pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi anali Chancy Chitete, yemwe adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Wokumbukira maliro amenewo sangakane katswiri wowerenga zithunzi zakumwamba kapena dokotala wolangiza pafoni, ngakhale atakhala mu ofesi ku Lilongwe. Boma silingaveke yunifomu aliyense wodziwa Chiswahili.

Komabe America idayesapo kugwiritsa ntchito akatswiri wamba kunkhondo. Pakati pa 2007 ndi 2014, pulogalamu ya Human Terrain System idalemba akatswiri a chikhalidwe cha anthu, ena n'kupita ku Iraq ndi Afghanistan, ena n'kumayankha mafunso a asilikali iwo ali kwawo ku America. Bungwe la American Anthropological Association lidaitsutsa chaka choyamba chomwe: zomwe wakuuza mwini mudzi pocheza zitha kudzamuphetsa. Nkhawa imeneyi imatikhudza. Dironi imene dzulo idabweretsa mankhwala ikamazonda lero, mayi wakumudzi adzaisiyanitsa bwanji?

Ine ndiima apa: katswiri alangize, koma chigamulo chikhale cha mkulu wa asilikali amene ali pamalopo, ndipo lamulo linene poyera woyankha mlandu malangizo akalakwika. Mlimi wa kuno amamudziwa munthu wogamula zinthu asanafike pamalopo. Ku okushoni ya Chinkhoma, wogula amatchula mtengo wa belo m'kanthawi kochepa, munda wake asanaupondeko, ndipo akaphonya, wogona ndi njala ndi wina.