Ya simenti ilipo, koma ya pulani ndiye yasowa?

Anyamata anzanga a kunyanja, kuyambira ku Makanjira, Malindi, Msaka, Chembe, Senga Bay, Nkhotakota mpaka ku Usisya, ndi inu muli ku Joni amene mukutumiza ndalama kumudzi, lero tikangane pa nkhani ya zomanga. Ena mukwiya, palibe kanthu, bola muwerenge mpaka pansi.

Pali bodza lina lomwe lakhazikika pakati pathu, lakuti architect ndi wa mabwana a ku Area 43 ndi ku Namiwawa, ife bilida wathu amadziwa zonse. Munthu wavutika zaka zisanu ku Johannesburg, kapena wagona pamadzi miyezi yonse ya mwera kusaka usipa, ndalama wapeza. Simenti wagula, malata wagula. Nanga pulani? Chithunzi cha pa Facebook. Bilida ayang'ana pafoni kamodzi, alemba pamchenga ndi ndodo, mawa lake akumba maziko. Ndalama ya zaka zisanu yaikidwa pa mzere wa ndodo.

Tandiuzani, ndani mwa inu angagule chilimira, boti, injini ndi nyali, kenaka nkutumiza alovi pakati pa nyanja opanda siginala? Siginala sakoka ukonde, koma ndi iye amadziwa pamene nsomba zasonkhana ndi nthawi yoponya, ndipo gawo lake amalandira popanda wodandaula. Pa zomanga, siginala ndi architect. Bilida ndi mlovi waluso, sindikumunyoza ayi, koma manja ndi ena, maso ndi ena.

Ambiri timaganiza kuti ntchito yake ndi kujambula chithunzi chokongola basi. Ayi ndithu. Poyamba amakhala nawe pansi nkukufunsa mafunso amene iwe sunadzifunsepo. Mudzagonamo angati? Mudzaphikira pati, pa nkhuni kapena pa mbaula? Maukonde ndi injini mudzasunga pati? Kodi kutsogoloku mudzafuna shopu? Ndalama ilipo yochuluka bwanji, ndipo izibwera kamodzi kapena pang'onopang'ono?

Kenaka amapita pamalo penipenipo. Amaona dothi ngati ndi mchenga kapena makande, amaona kumene madzi a mvula amathamangira, kumene dzuwa la masana a October limawomba, kumene mwera umachokera. Akatero ndiye amajambula zoyambirira, iwe nkukana izi, kuvomera izo. Kusintha khoma papepala ndi ulere. Kusintha khoma loti lafika pa lintala ndi matumba a simenti.

Mukagwirizana, amajambula mapulani atsatanetsatane, pamodzi ndi injiniya amene amawerengera maziko, zitsulo ndi mabimu. Wowerengera zipangizo, uja amati quantity surveyor, amalemba mndandanda wa zonse: simenti matumba angati, malata angati, zitsulo zingati. Pepala limeneli, inu a ku Joni, ndi mlonda wanu. Achimwene anu akakuimbirani kuti simenti yatha pomwe khoma lili m'chiuno, muli ndi poyang'ana. Popanda pepalalo mumangotumiza, nkumatukwanizana pafoni, ubale nkutha.

Mapulaniwo amapita ku khonsolo kuti avomerezedwe, monga lamulo la Physical Planning Act la 2016 likunenera. Kenaka amakuthandiza kusankha kontirakitala kapena bilida, nkulemba mgwirizano woti ndalama izituluka ntchito ikafika pakutipakuti. Ntchito ili mkati amabwera kudzaona: maziko asanathiridwe konkire, zitsulo zisanakwiriridwe, denga lisanakhomedwe. Pomaliza amayendera nyumba yonse, kulemba zolakwika, ndipo ndalama ina imagwiridwa kaye mpaka bilida akonze. Ndi pamenepo amakupatsa makiyi.

Tsono chifukwa chiyani ife a kunyanja tikufunika zimenezi kuposa wina aliyense? Chifukwa malo athu ndi ovuta, ndipo timadziwa.

Choyamba madzi. Mu 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo tonse tinaona malodji ndi nyumba za ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota zili m'madzi, mafunde akulowa pakhomo ngati alendo. Ambiri analoza chala Kamuzu Barrage ya ku Liwonde. Kanganani za barajiyo mmene mungafunire, koma dziwani kuti mu 1980 nyanja yomweyi inafika pa mamita 477, ndipo bungwe la National Water Resources Authority limanena kuti pansi pa mzere wa 477 si malo omangapo. Madzi saiwala khwawa. Agogo athu ankadziwa mtengo umene madzi anafikapo, nkumanga kuseri kwake. Ife tinaona mchenga wouma zaka zochepa, tati ndi ploti. Architect weniweni amayamba wafunsa kutalika kwa malowo asanajambule ngakhale khonde.

Chachiwiri chivomerezi. Nyanja yathuyi ili mu chigwa chong'ambika cha Rift Valley. Salima inagwedezeka mu March 1989, Karonga mu December 2009, nyumba zambirimbiri zinagwa kapena kung'aluka. Nyumba ya kuno imafuna bimu ya konkire yozungulira pamwamba pa makoma onse, ndi ngodya zolumikizana bwino. Bilida wofuna kukusangalatsa ndi mtengo wotsika amayamba kuchotsa zimenezi, poti sizioneka ukapaka penti.

Chachitatu mphepo ndi kutentha. Denga losamangiriridwa bwino ku khoma, mphepo ya mkuntho imalinyamula ngati chipewa. Ndipo nyumba zija mukukopera ku Joni, za denga lobisika, zopanda khonde, za magalasi aakulu oyang'ana kumadzulo, anazijambulira malo okwera ozizira. Uziike ku Monkey Bay mu November, ndi uvuni. Mwini nyumba ya mamiliyoni nkumagona pa mkeka panja, udzudzu ukumudya.

Chachinayi chimbudzi. Mu mchenga wa kugombe madzi a pansi ali pafupi. Kukumba chimbudzi kapena septic tank pafupi ndi chitsime ndi kumwetsa ana ako zoipa. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja analira kwambiri. Malo a chimbudzi ndi nkhani ya pulani, si ya kumapeto ndalama zitatsala.

Inu ofuna kumanga resiti hausi, lodji, shopu kapena posungira nsomba mu ayezi, ndiye nkhani yakula. Mukuika miyoyo ya anthu ena m'nyumba mwanu. Moto ukabuka atulukira pati? Madzi otsukira nsomba apita kuti? Banki nayo ikafuna kukubwereka, imafuna mapepala, osati nkhani za pakamwa.

Ndikudziwa yankho lanu: ndi odula, aise. Inde amalipiritsa. Koma werengerani khoma limene munagwetsa chifukwa chipinda chinachepa, malata amene munagula kawiri, ndi nyumba zija zaima pa windo zaka khumi, udzu utamera mkati. Pulani yabwino imakulola kumanga m'magawo: zipinda ziwiri chaka chino, ulowemo, zina chaka chamawa, popanda kuphwanya kalikonse. Wosauka ndi amene sangakwanitse kumanga kawiri.

Koma nawonso ma architect asaganize kuti ndawasiya. Ambiri mwadzaza ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ena mumagulitsa pulani imodzimodzi kwa anthu khumi osapondako pamalo. Kumeneko ndi kugulitsa mapepala. Bwerani kuno, mujambule nyumba ya msodzi ya zipinda zitatu pa mtengo woti msodzi afikire. Tchalitchi cha St Peter's pa Likoma anachiyamba mu 1903, wojambula wake anali Frank George, omanga anali anthu a kunyanja konkuno, ndipo chilipobe mpaka lero. Zotheka kumanga cholimba m'mbali mwa madzi, zinaoneka kalekale.

Ndipo chenjerani, si aliyense wonyamula laputopu amene ali architect. Alipo olembetsedwa ku Board of Architects and Quantity Surveyors. Funsani nambala yake, funsani nyumba zimene anamaliza, mupite mukazione, mucheze ndi eni ake. Safunsa anadya phula. Ngati thumba lachepa, gwirizanani anthu atatu kapena anayi a dera limodzi, mumuitane ulendo umodzi aone maploti onse, mugawane thiransipoti.

Inu ang'ono athu amene muli ku sekondale ndipo masamu ndi kujambula zimakuyenderani, maphunziro amenewa alipo ku MUBAS, ija inali Polytechnic, ku Blantyre. Tikufuna architect wodziwa mwera ndi mpoto chifukwa anakulira momwemo.

Musanagule thumba loyamba la simenti, pezani pulani, ndipo mufunse akuluakulu a pamudzi pamene madzi anafika mu 1980. Tumizani uthengawu kwa m'bale wanu amene akukonzeka kukumba maziko mwezi uno.