Galimoto Ikalandidwa, Ngongole Simathera Pomwepo



1. Tikumva madandaulo a mabanja amene anagula minibasi kapena takisi pa ngongole, ndipo atalephera kubweza analandidwa galimotoyo. Ena anagwa chifukwa cha kusasamala, sitikana. Koma ambiri anaphinjika pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto ndi mafuta n'kukwera mtengo, kenaka Banki Yaikulu ya Reserve n'kukweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024.

2. Ambiri amayesa kuti galimoto ikapita, mlandu watha. Sizili choncho. Wokongoza amaigulitsa, nthawi zambiri pa okushoni, ndipo ndalama zikaperewera amakasuma kukhoti kuti alandire zotsalazo, pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi malipiro a maloya. Apa ndi pamene abale athu ambiri amalakwitsa. Chifukwa cha manyazi amabisa masamoni pansi pa matiresi, osauza ngakhale mkazi kapena mwamuna wawo. Khoti limagamula iwo palibe, banja n'kudzadziwira pa masherifu atafika pakhomo kudzalemba katundu.

3. Choncho tikukupemphani: musathawe masamoni. Yankhani m'masiku amene alembedwapo. Funsani kuti akuonetseni polemba mtengo umene galimoto inagulitsidwa ndi mmene anawerengera zotsalazo. Khoti lili ndi mphamvu zolola munthu kubweza pang'onopang'ono, ndipo lamulo la Loans Recovery Act limalola woweruza kuunikanso pangano limene chiwongoladzanja chake ndi chankhanza. Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau. Kukatenga katapila kuti mutseke ngongole ya kubanki ndi kukumba dzenje lachiwiri.

4. Ngongole iyenera kubwezedwa. Pamenepa sitikuphunzitsa zina. Komabe buku la Deuteronomo, mutu 24, limaletsa kutenga mphero ngati chikole, pakuti ndi pamene munthu amadyera. Minibasi ndiyo mphero ya mabanja ena lero. N'chifukwa chake tikufunsa akuluakulu a makhoti ndi oyang'anira mabanki: ndani amaonetsetsa kuti galimoto yolandidwa yagulitsidwa pa mtengo woyenera, osati kwa mnzake wa wogulitsa? Tikupempha kuti mwini ngongole aziuzidwa tsiku ndi malo a okushoni, azipatsidwa chiwerengero chonse, ndiponso kuti chigamulo chisamaperekedwe popanda umboni wokwanira wakuti masamoni anamufikadi m'manja.

Makomiti a chilungamo ndi mtendere m'maparishi akambirane kalatayi m'miphakati mwezi uno.